Boiler yafa, ana agona bwanji?

Achemwali, mwati boiler (makina otenthetsa madzi ndi nyumba) yawonongeka ndipo ana akunjenjemera usiku ku Manchester kuno. Lemberani mwininyumba lero lomwe. Ku England lamulo la 1985 limam'kakamiza kukonza zotenthetsera nyumba.

Podikira, muzigona nonse chipinda chimodzi. Tsekani makatani dzuwa likangolowa, pindani thaulo mutseke mpata wapansi pa chitseko. Anawo avale zovala zingapo zopyapyala, masokosi ndi chipewa. Botolo la rabala la madzi otentha limathandiza, koma mulikulunge m'nsalu, ndipo musathiremo madzi owira.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri, musasonkhe makala pambaula m'nyumba ngati kwathu. Mawindo akuno salowetsa mphepo, ndipo mpweya wa carbon monoxide wotuluka m'makala oyaka sununkha, umapha anthu ali m'tulo.