Chaja ya m'boti: yankho kwa achimwene a ku Golomoti

Sabata yatha achimwene ena a ku Golomoti ananditumizira imelo. Ali ndi boti la injini lokhala ndi mabatire awiri, lolizira injini ndi la nyale, ndipo nthawi zina boti limatha milungu itatu lisanalowe m'madzi. Akufuna chaja yomangirira m'boti momwemo. Agule yotani?

Achimwene, mwatokosa chilonda. Ine ndinapha mabatire awiri a malume anga m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero tikakumana pamaliro kapena paukwati sachedwa kuikumbutsa nkhaniyi.

Malume anali ndi boti kunyanja kumunsi kwa Mtakataka, ine ndili wowathamangira. Mwera utavuta mu June tinalikokera pamchenga, batire lili lophwa chifukwa usiku womaliza tinayatsa nyale mpaka m'bandakucha posaka usipa. Ndinati ndidzalitchaja mawa. Mawa lakelo linakhala mwezi wathunthu. Tsiku lobwerera m'madzi, ndikati ndipotokole kiyi, kumangomveka tche, tche, basi. Munthu wokonza mabatire anandiuza kuti batire la asidi likagona lophwa, pambale zake za mkati pamamera timiyala toyera tolimba, ndipo tikakhwima sitisungunukanso. Ndiye kufa kwake kumeneko. Kutentha kumawonjezera vuto, poti batire limadziphwera lokha msanga pamalo otentha. Kuno ku Dedza boma, komwe mu July timagona ndi mabulangete awiri, batire limapirira ndithu, koma mukatsika phiri kukafika kunyanja nkhani ndi ina.

Malume anagula lina. Ine pofuna kudziyeretsa ndinakagula kachaja kotchipa pamsika, kaja kali ndi singano yoyendayenda ndi zopanira ziwiri. Ndinakalumikiza m'chipinda cha mnzanga n'kupita kumudzi kukakumba mbatatesi. Patatha sabata ndinalandiridwa ndi fungo la mazira owola pakhomo pomwe. Batire linali lotupa m'mbali ngati chitumbuwa, lotentha, madzi onse ataphwera. Malume analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Mwana iwe, loyamba unalipha ndi njala, ili waliphulitsa ndi kukhuta."

Apa ndiye ndimakangana ndi anthu. Ambiri pogula chaja amafunsa kuti imadzaza msanga bwanji. Kwa boti longokhala pagombe, liwiro mulibe nalo ntchito. Funsani ngati imadziwa kuleka. Chaja yabwino imakweza mphamvu mpaka cha m'ma 14.4 volts, batire likadzadza imatsika yokha kufika cha m'ma 13.5 n'kumangolisunga pamenepo. Pabokosi pamalembedwa mawu oti float kapena maintenance. Yopanda zimenezi musaisiye yokha ngakhale usiku umodzi, kaya wogulitsa alumbire motani. Ndimakana ndithu, ndipo amene amati "ine yanga sinandivutepo" ndi oti sanapite kokakumba mbatatesi.

Pali chinanso chimandiseketsa. Ku Golomoti kwanuko kuli famu ya sola ya 20 megawatts yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo ili ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi. Koma tsikani kugombe, mukafufuze soketi pomwe boti limagona. Chaja zomangirira m'botizi anazipangira madoko okhala ndi magetsi pafupi. Ngati kwanu kulibe, mugula chinthu chodula chomwe chizingochita dzimbiri. Zikatero, kapanelo ka sola ka 20 kapena 30 watts ndi kontrola yake, kachipangizo koletsa batire kudzaza mopitirira, kangakutumikireni bwino, malinga mwapeza mlonda, poti panelo yosiyidwa pagombe imamera miyendo. Osalumikiza panelo ku batire popanda kontrola, n'chimodzimodzi kachaja kanga kaja.

Nanga mugule yotani?

Ngati soketi ilipo, tengani chaja ya mabanki awiri, ndiko kuti yotchaja mabatire awiri padera, kuti batire lililonse likhale ndi mawaya akeake. Lolizira injini ndi la nyale saphwa mofanana, ndiye sayenera kudyera mbale imodzi. Kukula kwa chajayo, gawani nambala ya Ah (yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga) ndi 10: batire la 100Ah likufuna pafupifupi 10 amps. La injini ngakhale 5 amps imakwana. Ikhale yosalowa madzi, yolembedwa IP67 kapena IP68. Onetsetsani kuti imalandira 230 volts, chifukwa zambiri zochokera ku America ndi za 120 volts zokha ndipo pa magetsi athu zimapsa nthawi yomweyo. Ionetsenso mtundu wa batire lanu, kaya lothira madzi, AGM (la asidi lotsekeratu, losathira madzi) kapena lithium, poti lililonse lili ndi katchajidwe kake. Ndipo funsani ngati magetsi akazima n'kuyakanso imayambiranso yokha osadikira munthu kudina batani.

Muimange pamalo okwera podutsa mpweya, kutali ndi thanki ya petulo, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Ngati ndi lothira madzi, muzisuzumira kamodzi pamwezi n'kuthira madzi a batire enieni, osati a m'nyanja. Mugulenso multimeter yotchipa, kachipangizo koyezera magetsi. Batire la asidi litapuma usiku wonse lisonyeze 12.6 kapena 12.7 volts. Mukaona 12.2 ndiye kuti latsala theka, mulitchaje tsiku lomwelo.