X-ray ya chaka ndi chaka siikwanira kupeza khansa ya m'mapapo msanga

Mwafunsa ngati X-ray ya pachifuwa yomwe amakujambulani kuntchito ingapeze khansa msanga, popeza mwakhala mukuphwanya miyala zaka 15. Ayi, musaidalire yokha. Imathandiza kuona zipsera za fumbi ndi TB, koma kachotupa kosakwana sentimita imodzi, kapena kobisala kuseri kwa mtima kapena nthiti, kamatha kudutsa osaoneka. CT scan (makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane) yogwiritsa ntchito cheza chochepa ndiyo imaona bwino. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa NLST, wotuluka mu 2011, anapeza kuti CT inachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti mwa osuta kwambiri poyerekeza ndi X-ray.

Chodetsa nkhawa n'chakuti khansa yobwera ndi fumbi la silika (lochokera m'miyala), asbestos kapena utsi wa dizilo imatha kuonekera patapita zaka 20 kapena 30, munthu atasiya kale ntchitoyo. Choncho lembani m'kope zaka zomwe mwagwira, mtundu wa fumbi, maola patsiku, komanso ngati munkavala chotchinga pamphuno. Sungani zithunzi zakale, dokotala amazifananiza ndi zatsopano. Ngati mumasuta, siyani, chifukwa fodya amawonjezera chiopsezocho kwambiri. Mukatsokomola kupitirira milungu itatu, mawu akasasa kapena mukalavula magazi, TB n'kusapezeka, pemphani CT.