Mapulagini 40 mu Neovim: ndiyambirenso?

Owerenga ena andilembera imelo sabata ino. Akuti Neovim yawo, edita yolembera khodi ya mapulogalamu, ili ndi mapulagini (timapulogalamu toonjezera zomwe editayo imachita) oposa 40, ndipo akangopanga update, china chake chimasokonekera. Akufunsa ngati ndi bwino kuyambiranso ndi ochepa, komanso poyambira pake.

Yambiraninso, akulu, koma foda yakale ya makonzedwe musaikhudze. Kuyambira mu Neovim 0.9 muli NVIM_APPNAME. Mukalemba NVIM_APPNAME=watsopano nvim, editayo imawerenga makonzedwe mu ~/.config/watsopano, akale aja ali phee. Tsiku lomwe ntchito yakuthinani, mungobwerera kwa akalewo.

Tsegulani init.lua, fayilo ya makonzedwe, yopanda kanthu, mugwire nayo ntchito sabata yathunthu. Zala zikafuna chinthu n'kuchisowa, chilembeni papepala, musathamangire kuika pulagini. Ine nditachita zimenezi, papepala panga panatsala zinthu zinayi zokha. Mapulagini enawo ndinkangowasunga chifukwa ndinawaona kwa anzanga.

Chachikulu n'chakuti zambiri zomwe tinkaikira mapulagini zinalowa kale mkati mwa editayo. Kusandutsa mzere kukhala comment ndi gcc kunabwera mu 0.10, mu 2024. LSP, njira yomwe editayo imalumikizirana ndi seva ya chilankhulo (pulogalamu yomvetsa khodi yanu), inalowa mu 0.5, mu 2021, koma kuikonza pamanja kunali kotopetsa. Mu 0.11, ya 2025, anaonjezera vim.lsp.config ndi vim.lsp.enable, moti mizere yowerengeka ikukwana. Mabatani ake aliponso kale: grn imasintha dzina la variable paliponse, grr imakuonetsani malo onse omwe yatchulidwa. Seva ya chilankhulo, monga clangd kapena gopls, muyenera kuiikabe nokha pakompyuta; editayo siyibwera nayo.

Pofufuza mawu mu projekiti yonse, :grep imagwiritsa ntchito pulogalamu yofufuzira ya ripgrep ikaipeza pakompyuta, zotsatira zake n'kulowa mu quickfix, mndandanda wa malo omwe mawuwo apezeka. Phunzirani :cnext, yokupititsani pamalo otsatira mumndandandamo, ndi :cdo. Ambiri amainyozera quickfix chifukwa cha maonekedwe ake, komatu :cdo imatha kukonza mawu m'mafayilo makumi ndi lamulo limodzi.

Za liwiro musavutike nazo kwambiri. Mutha kuyeza ndi --startuptime, koma kachigawo ka sekondi sikanapwetekepo munthu. Vuto lenileni ndi kudalira. Pulagini iliyonse ili ndi mwini wake, nthawi zambiri munthu mmodzi wongodzipereka, ndipo amatopa. Mu 2023 pulagini ya null-ls inatsekedwa, packer.nvim yoikira mapulagini ena nayo inasiya kusamalidwa, ndipo ambiri anakakamizika kusamuka asanakonzeke.

Sindikuti mutaye onse. Ine ndinasunga fzf-lua yofufuzira mafayilo, chifukwa :find imandichedwetsa mu projekiti yayikulu, ndi nvim-treesitter yoikira ma parser, timapulogalamu tozindikira kapangidwe ka khodi. Kumalizitsa mawu kwa mkati, vim.lsp.completion, kumagwira ntchito koma kulibe zambiri. Mukaona kuti sikukukwanirani pakatha sabata ija, bwezerani pulagini yake popanda manyazi.

Foda yatsopanoyo muiike mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zomwe mwasintha, kuyambira tsiku loyamba, pulagini iliyonse commit yakeyake, ndipo mu uthenga wake mulembemo chifukwa chomwe mwaiikira.