Amalume, tiyambire pansi pa mjigo

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso mwaponya m'gulu muno, lakuti pa dimba la ku Chipangali mukufuna pampu ya sola, thanki, mapaipi a dripu ndi kachipangizo kamene msuweni wapanga koyatsira pampu pa foni, koma ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi, ndiye muyambe ndi chiti. Ndiyankhe pang'onopang'ono.

Mainjiniya ali ndi makwerero 9 oyezera kukhwima kwa chipangizo, amawatchula TRL, anayambira ku NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, m'zaka za m'ma 1970. Pa 1 ndi ganizo chabe. Pa 4 ndiye kuti chagwira ntchito pa tebulo, m'nyumba. Pa 6 chayesedwa pamalo ofanana ndi pomwe chidzakhale. Pa 9 chagwira kale ntchito yeniyeni ndipo anthu akuchidalira. Chofunika kumvetsa n'chakuti gawo lililonse limapatsidwa nambala yakeyake, ndipo makina onse amatsatira gawo losakhwima lomwe likafa madzi satuluka.

Mapanelo, pampu ndi thanki za m'sitolo zili pa 9, musataye nazo tulo. Chimene sitikuchidziwa ndi mjigo wanu, ndipo n'chimene chasenza zonse. Apa ndichedwepo. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Mu Okutobala masamba ndi matimati amamwa pafupifupi mamilimita 6 patsiku, ndiye kuti malita 15,000 pa lima. Dzuwa lokoka bwino pampu ndi la maola ngati 6, choncho mjigo uzipereka malita 2,500 pa ola, pafupifupi malita 0.7 pa sekondi, osaphwa. Ndalama yoyamba ipite poyesa mjigo: akatswiri oyesa mijigo apope osalekeza maola 24, alembe madzi atsika mamita angati, ndiponso atenga nthawi yanji kubwerera. Ayese mu Seputembala kapena Okutobala madzi atatsika, chifukwa mu Malichi mjigo uliwonse umaoneka wamphamvu. Muonenso kuti unalembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi m'Zambia. Mukagula pampu musanayese, ikhoza kukoka kuposa mmene mjigo ukuperekera, n'kuyamba kumwa mpweya ndi mchenga, mota n'kupsa.

Zikatero pakubwera polumikizira. Zida ziwiri zonse zikhoza kukhala pa 9 koma osagwirizana. Mapanelo akalumikizidwa motsatizana mavolti amaphatikizana, ndiye wogulitsa akuwerengereni Voc ya onse, ndiye kuti mavolti amene amatulutsa asanalumikizidwe ku chilichonse, isapitirire malire olembedwa pa kontirola, kabokosi koyendetsa pampu. Mfundo ya waya wolowa m'madzi aitseke ndi resin, osati tepi. Pakhale sensa yozimitsa pampu madzi akatsika, ndi chitsulo cha earth pamodzi ndi choteteza ku mphezi, poti mvula yoyamba ya Novembala mukuidziwa. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5, sitandi yake asawotcherere mwachisawawa. Mphamvu yokankha madzi m'paipi imayezedwa mu bar, ndipo mamita 10 okwera amapereka 1 bar, ndiye sitandi ya mamita 4 ikupatsani 0.4 bar basi, mugule dripu yoyenda ndi mphamvu yochepa, ndi sefa ya maso aang'ono, ya 120 mesh, kuti timabowo tisatsekeke.

Tsono kachipangizo ka msuweni. Wagwira ntchito yabwino ndithu, ndipo tisamugwetse mphwayi, koma kali pa 4. Sikanakumane ndi kutentha kwa m'bokosi lachitsulo masana a Okutobala, nyerere zolowa m'mawaya, fumbi, ngakhale netiweki yothawathawa ya kudimba. Akaike kudimba komweko milungu inayi kakuyatsa babu chabe, azilemba tsiku lililonse kakana kangati ndi chifukwa chake. Kakapirira, akalumikize ku pampu, koma pambali pakhale switchi ya pamanja kuti kakazima inu muzithirirabe. Akonzenso kuti netiweki ikasowa, pampu izizima yokha thanki ikadzaza, isamadikire uthenga wa pa foni.

Pofuna kusanja zotsalazo, gawo lililonse mulifunse mafunso atatu, yankho lililonse kuyambira 1 mpaka 10. Likafa, chionongeko n'chachikulu bwanji? Limafa kawirikawiri bwanji? N'kovuta bwanji kuzindikira lisanafe? Muchulukitse manambala atatuwo, lotuluka pamwamba muyambe nalo. Koma lomwe lingavulaze munthu, monga sitandi ija, likhale patsogolo ngakhale nambala yake itachepa.

Chaka chino ndingati kuyesa mjigo, pampu ndi mapanelo ake, thanki, kenaka dripu pa theka la lima kaye. Mundijambulire lipoti la amene anakumba mjigo, poonetsa kuya kwake ndi pamene madzi anapezeka, munditumizire muno usiku uno, ndikuwerengereni kukula kwa pampu musanapite m'tauni ku Chipata.