Musanatumize pepala lanu la kemisitiri, yesani kaye magaziniyo

Wophunzira wina wa digiri yachiwiri ya kemisitiri wafunsa kuti: "Ndalandira imelo kuchokera ku magazini ina yomwe ikuti ili ndi impact factor yapamwamba, ndipo isindikiza pepala langa m'sabata imodzi ndikangolipira. Makolo anga ali okonzeka kundithandiza ndalamazo. Nditumize?"

Musatumize, ndipo makolo asunge kaye ndalamazo. Impact factor, nambala yoonetsa mmene mapepala a magazini amatchulidwira ndi ofufuza ena, yeniyeni imachokera ku kampani imodzi yokha, Clarivate, yomwe imatulutsa Journal Citation Reports chaka chilichonse cha mu June. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Kuti apeze ya 2024, amawerenga kangati ofufuza anatchula m'chaka cha 2024 mapepala omwe magaziniyo inasindikiza mu 2022 ndi 2023, kenako n'kugawa ndi chiwerengero cha mapepalawo. Tiyerekeze kuti mapepala anali 200 ndipo anatchulidwa ka 600: impact factor ndi 3. Nambala ina iliyonse yomwe magazini yadzilembera patsamba lake popanda Clarivate, musaikhulupirire.

Tengani nambala ya ISSN ya magaziniyo (nambala yapadera yozindikirira magazini), osati dzina lokha, chifukwa achinyengo amakonda mayina ofanana ndi a magazini odziwika. Ifufuzeni pa Master Journal List ya Web of Science ndiponso pa mndandanda wa Scopus, nkhokwe ziwiri zikuluzikulu za magazini a kafukufuku. Onetsetsani kuti ikadalimo mpaka chaka chino, poti ena amachotsedwa koma n'kumalengezabe kuti alimo. Yerekezaninso adiresi ya pa intaneti yomwe ili pamndandandawo ndi ya mu imelo ija.

Scopus ili ndi muyeso wakewake, CiteScore, womwe umatenga zaka zinayi, choncho nambala zake sizingafanane ndi za Clarivate. Tsamba la SCImago ndi laulere, ndipo limaika magazini m'magulu anayi, Q1 (gulu lapamwamba kwambiri) mpaka Q4, m'nthambi iliyonse. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Chemical Reviews ili ndi nambala yoposa kwambiri ya Journal of the American Chemical Society, osati chifukwa choti yachiwiriyi ndi yofooka, koma chifukwa mapepala ophatikiza zomwe ena anapeza kale, omwe Chemical Reviews imasindikiza, amatchulidwa kawirikawiri kuposa a kafukufuku watsopano. Nthambi nazo zimasiyana katchulidwe. Ngati munayeza zitsulo zoopsa m'madzi a m'zitsime, yerekezani magazini anu ndi ena a kemisitiri ya zachilengedwe, osati a mabatire. Magazini imodzi ikhoza kukhala Q1 m'nthambi ina ndi Q2 m'nthambi inanso.

Dziwaninso kuti nambalayi ndi ya magazini, si ya pepala lanu. Mapepala ochepa otchuka amatha kukweza nambala ya magazini yonse. N'chifukwa chake DORA, mgwirizano wa mu 2012 wa kayezedwe ka kafukufuku, umalangiza kuti wofufuza asamayezedwe ndi impact factor. Ife timaona kuti pepala loyamba likatuluka m'magazini ya Q2 kapena Q3 yomwe anthu a m'nthambi yanu amawerengadi, palibe chodandaula. South African Journal of Chemistry ndi Bulletin of the Chemical Society of Ethiopia ndi magazini enieni a mu Africa muno oyenera kuwaganizira.

Za sabata imodzi zija n'zokayikitsa. Akatswiri ounika amafuna nthawi yoona ma spectra (zithunzi za zotsatira zochokera ku makina oyezera) ndi njira zomwe munatsata mu labu, ndipo zimenezi zimatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi. Pa za ndalama, Malawi ali m'gulu la mayiko a Research4Life, pulogalamu yothandiza mayiko osauka kupeza magazini a kafukufuku, ndipo osindikiza ena amachotsa kapena kutsitsa malipiro kwa olemba a m'mayiko amenewa. Funsani musanatumize, ndipo mphunzitsi wokuyang'anirani avomereze kaye magaziniyo, poti dzina lake lidzakhalanso pa pepalalo.