Kodi mwezi umakula ukamatuluka panyanja?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Akuti mwezi wathunthu umatuluka panyanja uli waukulu ngati lichero, koma ikamakwana 10 koloko usiku umakhala utatsala ngati kambale ka ndiwo. Mwana wawo wa fomu 2 anawauza kuti umakhala utayandikira dziko, iwo sanakhutire. Akufunsa ngati mwanayo akunena zoona.

Mayi, munachita bwino kukayika. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo ukamatuluka umakhala kutali ndi inu kuposa ukafika pamutu, kusiyana kwake ndi makilomita 6,000 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye nthawi imene mukuuona waukuluyo ndi imene ukanayenera kuchepako.

Musangomvera ine. Mwezi ukadzakhalanso wathunthu, mudzatambasule mkono n'kuuphimba ndi nsonga ya chala chaching'ono. Udzabisika wonse. Mudzabwerezenso usiku uli pamwamba, mudzapeza kuti chala chomwecho chikuuphimba chimodzimodzi. Ine ndinayamba ndayesapo kuujambula ndi foni utafiira bwino pamwamba pa madzi, kuti ndikaonetse anzanga. Pachithunzi panatuluka kadontho, ndinangofufuta.

Nanga lichero lija limachokera kuti? M'mutu mwathu momwemu. Diso ntchito yake n'kulandira kuwala, ndipo chithunzi chimene chimagwa kumbuyo kwake sichinena kuti chinthu chili patali bwanji. Wowerengetsa mtunda ndi ubongo, ndipo umachita kuyerekeza. Taganizirani msodzi amene akupalasa bwato kuchoka pagombe. Akamatalikira, chithunzi chake m'diso mwanu chimacheperachepera, koma simunaganizepo kuti bamboyo wasanduka kamwana. Ubongo umadziwa kuti chakutali chimaoneka chochepa, ndiye umachikulitsa mwakachetechete. Luso limeneli limatithandiza tsiku lililonse, ngakhale powoloka msewu kukubwera minibasi.

Mwezi ukamatuluka, pakati pa inu ndi iwo pali mchenga, mabwato, ndi nyanja yonse mpaka pamene yathera. Ubongo umaona kuti chinthucho chili kuseri kwa zonsezi koma chikuonekabe chonchi, basi umagamula kuti n'chachikulu zedi. Ukakwera pamwamba umakhala wokhawokha, palibe chouyerekeza nacho.

Mario Ponzo, katswiri wa za maganizo wa ku Italy, anaonetsa zofanana ndi zimenezi, ndipo mwana wanuyo angayese pakope lake. Ajambule mizere iwiri yonga njanji ikupita kutali, yotalikirana m'munsi, yoyandikana kumwamba. Kenako aike timizere tiwiri topingasa, kena m'munsi kena kumwamba, atayeza ndi lula kuti tikhale tofanana ndendende. Ka kumwambako kadzaoneka kakatali. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ngakhale wayeza wekha, kamaonekabe kakatali. Kudziwa zoona sikuletsa maso kuona zawo.

Funso lanuli ndi lakalekale. Aristotle, katswiri wamakedzana wa ku Greece, ankati ndi chinyezi cha mumlengalenga chimene chimakulitsa mwezi. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra yemwe anakagwira ntchito ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, analemba kuti nkhaniyi yagona pa mmene munthu amayerekezera mtunda. Mpweya uli ndi mbali yake ndithu, koma ina: umaufiiritsa mwezi, makamaka mu Okutobala kukakhala fumbi ndi utsi wa kutentha tchire, komanso umauphwatalitsa pang'ono. Kuukulitsa ayi. Akatswiri mpaka lero amatsutsanabe pa tsatanetsatane wa zimene ubongo umachita, chifukwa anthu ambiri amati mwezi wotulukawo umaoneka wapafupi, osati wakutali. Pa kukula kwenikweni kwa mwezi pokha sipakhala mkangano.

Pali kuyesa kwina kumene ndimakukonda. Pindani pepala likhale ngati kapaipi, musuzumiremo ndi diso limodzi kuti nyanja ndi mitengo zisaoneke. Mwezi udzafota pomwepo. Ena amaufulatira, n'kuwerama, n'kuuyang'ana kudzera pakati pa miyendo, ndipo kwa ambiri umachepadi. Njira imeneyi musiyireni mwanayo, mayi, anthu a pamudzi angayambe kufunsa mafunso.