Madamu, nthano si za ana a Sitandade 1 okha ayi

Sabata yatha kunabwera imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa Sitandade 6, dzina sinditchula. Akuti: "Ana anga ndi opitirira 90. Ambiri amatchula mawu bwinobwino koma ukawafunsa kuti wawerengazi zikuti chani, amangokuyang'ana. Mnzanga akuti ndiziwawerengera timabuku ta nthano, koma si kutaya nthawi kumeneko? Silabasi ndi yaitali, komanso mabukuwo ndiwatenga kuti?"

Madamu, mnzanuyo sakunama. Vuto lanulo ndi la aphunzitsi ambiri a makalasi akumtunda ndipo gwero lake likudziwika. National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016, inalimbikira Sitandade 1 mpaka 4, maliwu, maphatikizo, ba be bi bo bu, ndipo zinathandiza ndithu. Koma mwana akangolowa Sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi, sayansi, masamu, ulimi, ndiye mwana uja amatha kutchula mawu mokweza ngati wailesi koma m'mutu mulibe chithunzi chilichonse. Amawerenga ndi pakamwa basi. Kenako timayamba kumuloweza manotsi poti mayeso a Sitandade 8 a PSLCE akubwera, a MANEB sadikira munthu.

Nkhani yokoma imachita chimene buku la silabasi silingathe, imamupatsa mwana chifukwa chofunira kudziwa zomwe zili pa tsamba lotsatira. Ine ndili m'kalasi ndinali ndi kamnyamata kena kamene kankakhala kumbuyo kwenikweni kutsamira khoma, sikankakweza mkono olo tsiku limodzi. Tsiku lina ndikuwerenga nthano ya Kalulu atakana kukumba nawo chitsime, ndinasiyira dala pamene nyama zagwirizana zomutchera, nkutseka buku kuti titsiriza mawa. Aaa kalasi yonse kudandaula. Pa buleki ndinangoona kamnyamata kaja kali pa tebulo langa, chala pa mzere, milomo ikugwedera, kakufuna kadziwe ngati Kalulu wagwidwa. Kanatenga buleki yonse kuti kamalize tsamba limodzi koma kanamaliza, ndipo palibe anakatuma.

Ndiye za nthawi musadandaule, sindikunena kuti mutaye sikimu yanu. Mphindi 10 kapena 15 kumayambiriro kwa piriyodi ya Chichewa kapena ya Chingerezi, katatu pa sabata, zakwana. Werengani inuyo mokweza, ndipo muwerenge ngati agogo pa moto, Fisi akhale ndi mawu ake, Kalulu akenso, osati ngati mukulengeza za maliro. Mukafika pokoma imani mufunse, mukuganiza kuti achita chani apapa? Akanakhala iwe ukanatani? Asiyeni akangane pang'ono. Mawu achilendo awiri kapena atatu alembeni pa bolodi, osapitirira apo. Ndipo chonde chonde musamalize ndi mafunso khumi oti muchonge ndi cholembera chofiira, mukatero ana amadziwiratu kuti iyinso ndi mayeso ena ovala chigoba, chidwi chonse chimathera pompo.

Pa chilankhulo, ine maganizo anga ndi oti yambani ndi Chichewa, kapena chilankhulo chimene anawo amayankhula kunyumba ngati muli kwa Ayao kapena ku Mpoto. Ena amati ndiye kuwabwezera m'mbuyo kumeneko, ine ndimakana. Mwana amene wazolowera kutsata nkhani, kulosera, kufunsa kuti bwanji wachita chonchi, luso limenelo amapita nalo ku Chingerezi. Nthano imene aimva kale m'Chichewa mukawapatsa m'Chingerezi chosavuta amaithamangira, poti njira akuidziwa kale. Chinanso, a Sitandade 6 ena ndi anyamata ndi atsikana a zaka 14, ukawabweretsera kabuku ka mwana wa nazale amaona ngati ukuwanyoza. Apezereni nkhani za msinkhu wawo, mpira, ulendo wa ku tauni, mtsikana wokana kusiyira sukulu panjira. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu imawagwira mtima kwambiri, mnyamata amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija, nkumakabwereka mabuku ku kalaibulale mpaka kupanga makina a mphepo opangira magetsi.

Tsopano mabuku. Choyamba kafunseni ahedi kiyi wa kabati ija ya mu ofesi, masukulu ambiri muli makatoni a mabuku amene anabwera kalekale koma sanatsegulidwe poopa kuti ana ang'amba, chiswe nkumadya mwaufulu. Funsaninso a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'dera lanu, ku TDC kwanu kumene aphunzitsi amakumana, ndipo ngati muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service kalembetseni. Pa foni pali African Storybook, nkhani zake ndi zaulere ndipo za Chichewa ziliponso, kabandulo kochepa mwadawuniloda, kenako nkukopera pa tchati ndi cholembera cha maka kuti onse 90 aone.

Koma imene ndimaikonda ine ndi TALULAR yeniyeni ija tinaphunzira ku koleji, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka kwanuko. Atumeni ana Lachisanu kuti akafunse agogo kapena azakhali nthano imodzi, Lolemba aifotokoze m'magulu kuyambira pa "padangotero", anzawo avomere "tili tonse", kenako gulu lililonse lilembe yake, wodziwa kujambula ajambule. Mapepala asokeni ndi singano ndi ulusi wa thumba la feteleza, chikuto chikhale katoni ya sopo, pamwamba alembe maina awo. Masipelo adzakhala okhota, konzani nawo limodzi asanakopere komaliza. Teremu ikamatha mudzakhala ndi timabuku khumi ndi kangapo mu katoni pakona ya kalasi, ndipo musankhe mwana mmodzi azilemba m'kope amene wabwereka, chifukwa ena timakagona kunyumba osabwerera.